Magetsi a M'nyumba za Lendi ku Britain: Kodi Mwana Wanu Agula kwa Yani?

Ambiri a inu owerenga muli ndi ana kapena abale amene anapita ku Britain, ena kukagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ena kukaphunzira. Kapena munamvapo mwana wanu ali kudandaula pa lamya kuti mwezi uno satumiza kanthu chifukwa ndalama zathera ku magetsi. Makolo ena pakumva zotere apukusa mutu nati mwana wayamba kuumira. Koma kawirikawiri mwanayo sanama ai. Tsono lero tifuna kufotokoza m'mene magetsi agulidwira m'dziko limenelo, pakuti ndalama zimene zitayika kumeneko ndizo zikadagula feteleza kuno.

Kuno ku Malawi nkhaniyi njapafupi. Munthu wa m'tauni akafuna magetsi a mawaya apita ku ESCOM, ndipo mtengo wake ubvomerezedwa ndi bungwe la MERA. Ku Britain kunalinso kotero kale, chigawo chilichonse ndi wogulitsa wake mmodzi. Koma m'zaka za 1998 ndi 1999 Boma la kumeneko linatsegula msika, kotero kuti banja la ku England, Scotland kapena Wales lisankha lokha kampani yogulako. Makampaniwo ngambiri, monga British Gas, EDF, Octopus Energy ndi ScottishPower, ndipo aliyense aitanira malonda ake.

Choyamba kudziwa nchakuti magetsi ake ndi amodzimodzi. Munthu akasintha kampani, palibe abwera kudzakumba pansi kapena kudzamanga mawaya ena. Mawayawo ali ndi eni ake ena, ndipo magetsi akazima munthu aimba nambala 105 kwaulere, kaya agula kwa yani. Chimene asankha ndicho mtengo ndi pangano lake basi.

Mlendo amene wangofika apunthwa pa tsiku loyamba lomwe. Pamene alowa m'chipinda chake m'nyumba zosanjikizana zija, apeza nyale zili kuyaka, naganiza kuti zonse zili bwino. Osadziwa kuti kuyambira tsiku limenelo iye ali kale m'manja mwa kampani imene inkagulitsa magetsi kwa mnzake wotulukayo, ndipo imuika pa mtengo wamba, umene kawirikawiri suli wotsika koposa. Chifukwa chake ayenera kuwerenga mita tsiku lomwelo, kuijambula ndi foni, ndi kuuza kampaniyo dzina lake ndi tsiku limene walowa. Akapanda kutero, ngongole ya wotulukayo isakanizika ndi yake, ndipo kuilekanitsa pambuyo pake ndi ntchito ya makalata ambiri. Ngati mita ili ya mayunitsi olipiriratu, monga imene tiidziwa kuno, apemphe khadi kapena kiyi yatsopano, pakuti yakaleyo ikhoza kukhala ndi ngongole imene idzamdyera ndalama zake pang'onopang'ono.

Nanga mwini nyumba atani? Ngati dzina la pa bilu ndi la mwana wanu ndipo alipira yekha, ufulu wosankha kampani ngwake, ngakhale kuti nkwabwino kudziwitsa mwini nyumbayo. Koma ngati mwini nyumba ndiye alipira magetsi nawaphatikiza mu lendi, asankha ndiye. Ndipo mwini nyumba amene agulitsa magetsi kwa alendi ake powerenga mita saloledwa kuikapo phindu pamwamba pa mtengo umene iye anagulira.

Tsono tifike pa mtengo weniweniwo. Uli pawiri. Pali ndalama za yunitsi iliyonse imene munthu wagwiritsa ntchito, ndiponso pali ndalama za tsiku ndi tsiku zimene alipira ngakhale asayatse nyale ndi imodzi yomwe. Zachiwirizi zifanana ndi chiphaso cha pamsika: wagulitsa tomato, sunagulitse, wodula ziphaso afuna zake. Bungwe la Boma loyang'anira malondawa, dzina lake Ofgem, linayamba mu January 2019 kuika malire a mtengo wamba, ndipo chiyambire kumapeto kwa 2022 liwaunikanso miyezi itatu iliyonse. Kuyambira April kufikira June 2024 malirewo anali pafupifupi mapeni 24.5 pa yunitsi ndi mapeni 60 pa tsiku. Tiwerengere pamodzi. Mapeni 60 pa masiku 365 akwana mapaundi 219. Munthu wokhala yekha amene watha mayunitsi 1,800 pa chaka alipira mapaundi 441 a mayunitsiwo. Zonse pamodzi mapaundi 660, ndipo mwa mapaundi atatu alionse, imodzi yapita ku chiphaso chija. Muona tsono kuti wokhala yekha ayenera kuyang'anitsitsa ndalama za tsiku ndi tsiku, pamene wa banja lalikulu ayang'ane mtengo wa yunitsi. Ndiponso malire a Ofgem sanena kuti bilu isapitirire pakutipakuti ai. Woyatsa kwambiri alipira kwambiri.

Inu alimi a fodya mudzamvetsa msanga gawo lotsatirali. Pali mlimi wa kontirakiti amene adziwiratu wogula ndi mtengo, ndipo pali wina amene apita ndi mabelo ake ku okushoni kukaona m'mene msika wadzukira. Magetsinso ali chomwecho. Munthu akhoza kupangana ndi kampani kuti mtengo wa yunitsi usasinthe kwa miyezi 12 kapena 24, kapena akhoza kukhala pa mtengo wamba umene ukwera ndi kutsika. Wapangano agona tulo mitengo ikakwera, koma ikatsika iye akhalabe pomwepo, ndipo akafuna kutuluka nthawi isanakwane makampani ambiri amlipiritsa. Alekerera kulipiritsa m'masiku 49 otsiriza a panganolo. Ife tiganiza kuti munthu amene lendi yake njamiyezi isanu ndi umodzi yokha asafulumire kusaina pangano lalitali asanafunse ngati adzatha kusamuka nalo.

Ndipo kutsika mtengo sindiko kulimba. Mu 2021 mtengo wa gasi unakwera koopsa pa dziko lonse, ndipo popeza gawo lalikulu la magetsi a ku Britain linkapangidwa ndi gasi, makampani oposa 20 anagwa chaka chimenecho. Ambiri anali ang'onoang'ono amene analonjeza anthu mitengo yotsika. Kampani ya Bulb, ya makasitomala oposa miliyoni imodzi, inachita kugwiriziridwa ndi Boma kufikira Octopus Energy inaitenga mu 2022. Anthu sanazimitsidwe magetsi, ndipo ndalama zimene analipiriratu sizinatayike, pakuti Ofgem anawapezera makampani ena. Koma ambiri a iwo mtengo wotsika uja unathera pomwepo.

Pali chinanso chimene chipweteka anthu athu koposa, ndicho kuzizira. Chisanu cha kumeneko chiposa cha ku Dedza mu June, ndipo zipinda zambiri za m'nyumba zosanjikizana zilibe gasi, zifunditsidwa ndi magetsi okha. Mwa zina muli mbaula zokhala ndi njerwa m'kati. Njerwazo zitenthedwa usiku ndi kutulutsa kutentha kwake usana wonse. Mbaula zotere ziyenda ndi mtengo wotchedwa Economy 7, umene upatsa munthu maola 7 a usiku otsika mtengo, koma usana ukhala wokwera kuposa wamba. Wodziwa kutchera mbaula yake apindula nawo. Koma taganizani namwino wogwira ntchito usiku, amene sanauzidwe za njerwazo. Afika m'mawa atazizidwa, ayatsa kambaula kogula kusitolo, aphika nsima, achapa ndi kusita, zonsezo pa mtengo wokwera wa usana. Pakutha pa mwezi bilu imgwetsa ulesi, osadziwa chamlakwira. Mita yotere izindikirika chifukwa ionetsa manambala awiri, ya usana ndi ya usiku. Mumfunse mwana wanu ngati anaiyang'anapo.

Kalipiridwe nakonso kasintha mtengo. Wolola kampani kutenga yokha ndalama ku banki mwezi ndi mwezi alipira zocheperapo kusiyana ndi wodikira bilu ya pepala. Koma ndalama zotengedwazo nzongoyerekeza, ndipo ngati mita siili yamakono yotumiza yokha manambala, ayenera kuiwerenga mwezi uliwonse ndi kutumiza.

Kusintha kampani sikubvuta. Munthu atenga bilu yake, aona mayunitsi amene atha pa chaka, nayerekeza mitengo pa intaneti kapena pa lamya. Akasankha, kampani yatsopanoyo ndiyo ilankhula ndi yakale, ndipo ntchitoyo iyenera kutha m'masiku 5 ogwira ntchito. Ali ndi masiku 14 akuti akhoza kubweza mau osalipira kanthu. Kampani yakale itumiza bilu yotsiriza pasanathe milungu 6, ndipo ngati inasunga ndalama zake zotsala iyenera kumbwezera.