Opaleshoni ya mtima: mtsempha wolumikizira uchoke pati?

Ana anga, masiku ano si zachilendo kumva kuti bambo kapena apongozi auzidwa kuti mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka ndi mafuta ndipo akufunika opaleshoni ya bypass. Ambiri amakapangidwira ku India kapena ku South Africa, ndiye banja limatanganidwa ndi ndalama ndi mapasipoti, n'kuiwala kufunsa funso lalikulu: kodi adokotala, mtsempha wolumikizirawo muutenga pati?

Amene mumaudziwa msewu wa Bypass ku Lilongwe mumvetsa msanga. Adokotala sachotsa potsekekapo ayi. Amatenga mtsempha wina m'thupi la wodwala yemweyo n'kuulumikiza kuti magazi azilambalala. Malo otengako ndi atatu.

Oyamba ndi mwendo. Mtsempha wautali wa m'mwendo, umene umabweza magazi kumtima, anautchukitsa ndi Dr René Favaloro ku Cleveland Clinic, ku America, mu 1967. Ndi wautali komanso wosavuta kuchotsa. Vuto lake n'lakuti sunazolowere magazi othamanga mwamphamvu, choncho pakatha zaka 10 pafupifupi theka la mitsempha yotere imakhala itatsekeka kapena itayamba kuwonongeka. Mwendonso umatha kutupa kwa kanthawi.

Achiwiri ndi m'chifuwa momwemo. Kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli mitsempha iwiri, kumanzere ndi kumanja. Wakumanzerewo ndiye mwana alirenji: yoposa 90 mwa 100 iliyonse imakhala ikugwirabe ntchito pakatha zaka 10. Kafukufuku wa mu 1986 wa Dr Floyd Loop ndi anzake anaonetsa kuti odwala amene anawalumikizira mtsempha umenewu kutsogolo kwa mtima ankakhala ndi moyo wautali kuposa amene anangoikidwa ya m'mwendo yokha.

Nanga bwanji osatenga yonse iwiri? Apa m'pofunika kusamala. Ikachotsedwa yonse, fupa la pachifuwa limalandira magazi ochepa ndipo bala limatha kuchedwa kupola kapena kuchita mafinya, makamaka kwa odwala shuga ndi onenepa kwambiri. Kafukufuku wa ART, wa odwala oposa 3,000, zotsatira zake za mu 2019 sizinaonetse kusiyana kwenikweni pa imfa pakatha zaka 10 pakati pa amene anawakonzera mtsempha umodzi ndi amene anawakonzera iwiri.

Achitatu ndi mkono, mtsempha uja timagwira pakhosi pa dzanja poyeza kugunda kwa mtima. Umakhalitsa kuposa wa m'mwendo, koma uli ndi malamulo ake. Umayenda bwino pokhapokha mtsempha wa mtimawo utatsekeka kwambiri. Kupanda kutero umafota. Asanauchotse amayamba ayeza ngati mtsempha wotsalawo ungadyetse dzanja wokha. Kwa amene impso zawo zikufooka amausiya, chifukwa udzafunika pa dialysis.

Kawirikawiri munthu amakhala ndi malo awiri kapena atatu otsekeka, choncho adokotala amaphatikiza: wa m'chifuwa kutsogolo kwa mtima, kwinako wa m'mkono kapena wa m'mwendo. Msinkhu nawo amauganizira. Bambo wa zaka 50 akufunika mtsempha womufikitsa patali, pomwe kwa agogo a zaka 80 chachikulu n'chakuti opaleshoni ikhale yaifupi ndipo achire msanga.

Tsono inu operekeza wodwala, musachite manyazi. Kufunsa ndi kudziwa njira. Funsani ngati agwiritsa ntchito mtsempha wa m'chifuwa wakumanzere, ndipo ngati ayi, chifukwa chiyani. Auzeni adokotala za shuga, impso, fodya ndi dzanja limene wodwalayo amagwirira ntchito. Pobwera kumudzi tengani lipoti la opaleshoni lolembedwa, madokotala akuno adzalifuna.

Pomaliza, mtsempha watsopanowo nawonso umatsekeka ukapanda kusamalidwa. Fodya asiyiretu, mchere ndi zamafuta achepetse, BP ndi shuga aziyezetsa, ndipo mankhwala amene apatsidwa, monga aspirin ndi otsitsa mafuta m'magazi, asawasiye okha ngakhale akumva bwino.