Musang'ambe kope la Biology la mwana wanu

Pachinkhoswe china mwezi wathawu, mayi wina anandikokera kuseri kwa tenti anzathu ali kalikiliki kufupa. "Achemwali, ndithandizeni nzeru. Mwana ndinamutumiza kusukulu ya mishoni kuti akakule woopa Mulungu, fizi ndikulipira ndi thukuta, koma taonani zimene wabwera nazo." M'chikwama anatulutsamo kope la Biology la mwana wawo wamkazi wa Fomu 4. Tsamba limene linawaimitsa mutu linali ndi mutu wakuti Evolution. Akuti bambo a kunyumba ataliona anafuna kuling'amba pompo, n'kulamula kuti teremu ikubwerayi mwanayo asamuke.

Ndinawapempha kuti kopelo alisunge bwinobwino. Lero ndikufuna ndicheze nanu makolo amene ana anu ali kusukulu za mipingo, komanso inu maanja achinyamata amene ana anu akadali kumkaka koma mwayamba kale kulota za Marymount, Likuni, Malosa, William Murray kapena Malamulo. Tsiku lina kope lotere lidzafika pakhomo panu, ndipo zimene mudzayankhule madzulo amenewo mwanayo sadzaziiwala.

Mphunzitsi uja sanapeke yekha mutuwo ayi. Sukulu ikhale ya Katolika, ya CCAP, ya Anglican, ya Seventh-day Adventist kapena ya Chisilamu, ikamakonzekeretsa ana mayeso a MSCE imatsata silabasi ya boma, ndipo mafunso amachokera ku Maneb. Wochonga mayeso sadziwa kuti mwana uyu amapemphera Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Amangoona yankho basi. Inuyo mumafuna mwana adzakhale dokotala, namwino kapena mlangizi wa zaulimi, eti? Makomo a KUHeS, MUST kapena Luanar satsekukira mwana amene sayansi anaikhoza mwamwayi. Ndiye mukang'amba tsamba lija, mwang'amba mamalikisi a mwana wanu yemwe.

Komatu nkhani si mamalikisi okha. Tiyeni tione chimene chili patsambalo, chifukwa ambiri timakwiya tisanawerenge.

Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 mukukumbukira chloroquine, mankhwala owawa aja amene ena ankatiyabwa thupi lonse. Poyamba ankachiza malungo bwino lomwe. Kenaka anthu anayamba kumwa koma osachira, ana n'kumamwalira. Mu 1993 boma linasiya chloroquine n'kuyamba kupereka Fansidar, ndipo Malawi ndi amene anayambirira kuchita zimenezi mu Africa muno. Fansidar nayenso anafooka, mpaka mu 2007 tinasamukira ku LA. Kodi mankhwalawo anasasa? Ayi. Chinasintha ndi tizilombo toyambitsa malungo. Pagulu la tizilombo tambirimbiri pamapezeka tina tochepa tobadwa mosiyanako ndi tinzake, timene mankhwala satipha. Tinzake tonse tikafa, timeneti n'timene timatsala n'kuswana, ana ake n'kutengera kulimba komweko. Pakapita zaka, mtundu wonse umakhala wosamva mankhwala.

Ndipo imvani izi. Chloroquine atachoka m'zipatala, tizilombo tolimba tija tinataya mwayi umene tinali nawo, moti tinayamba kuchepa. Kafukufuku wa mumzinda wa Blantyre amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006 anapeza kuti chloroquine wayambanso kuchiza. (Apa sindikuti mukagule chloroquine ku golosale, chonde, mwana akatentha thupi thamangirani kuchipatala akamuyeze.) Zimene ndafotokozazi n'zimene kope lija likutcha natural selection, msana wa phunziro lonse la evolution. Namwino amene sanazimvetse sangakufotokozereni chifukwa chake amakukakamizani kumaliza mankhwala onse ngakhale mwayamba kupeza bwino. Mwana wanu akuphunzira nkhani imene inachitikira m'magazi mwathu momwemu.

Chitsanzo china chili m'mbale mwanu. Chambo, utaka, mcheni ndi timbuna tokongola tija ta m'miyala ya ku Cape Maclear ndi nsomba za banja limodzi. M'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya banja limeneli, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo akatswiri amachoka kutali kudzafufuza mmene inagawikirana kuchokera ku makolo ochepa. Ana a ku Ulaya amawerenga za nsomba zathu m'mabuku awo. Zingakhale zamanyazi kuti mwana wa ku Mangochi aletsedwe kuzidziwa.

Ndikudziwa pamene pakubaya. Mayi uja anandiuza mosabisa: "Akumuphunzitsa kuti ife tinachokera kwa nyani." Mawu amenewa amayenda kwambiri m'maminibasi, koma sayansi sinena choncho. Imati anthu ndi anyani akuluakulu monga chimpanzi ali ndi kholo limodzi lakalekale, limene linakhalako zaka mamiliyoni angapo zapitazo, ndipo mibadwo inapatukana, wina uku wina uko. Nyani wakuba chimanga kumunda kwanu si agogo a munthu aliyense. Umboni wina wa nkhaniyi unatuluka m'dothi lathu lomwe lino. Mu 1991, pa Uraha m'boma la Karonga, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka zoposa 2 miliyoni. Mutha kukangana ndi tanthauzo lake, koma fupalo liripo, ndipo mwana wanu tsiku lina adzamva za ilo, mufune musafune.

Kodi ndiye kuti wophunzira zimenezi watsanzikana ndi Mulungu? Funsani mwanayo akuuzeni amene anayambitsa masamu aja a mbewu zazitali ndi zazifupi, a T wamkulu ndi t wamng'ono, amene amawavutitsa ku Fomu 4. Anali Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustine Woyera ku Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Kuyambira 1856 mpaka 1863 ankadzala nsawawa m'dimba la kunyumba ya ansembe, kuzikwatitsa, kuwerenga ana ake mmodzimmodzi, ndipo zimene anapeza anazisindikiza mu 1866. Nayo mfundo yakuti thambo likufutukuka, imene inabala chiphunzitso cha Big Bang, anailemba mu 1927 ndi wansembe wa ku Belgium, Georges Lemaître. Mu 1996 Papa Yohane Paulo Wachiwiri analembera akatswiri a sayansi a ku Vatican kuti umboni umene wasonkhanitsidwa ukuonetsa kuti evolution si nkhani yongoganizira, ngakhale anatsindika kuti mzimu wa munthu umachokera kwa Mulungu mwini.

Kwathu kuno nakonso, sayansi yambiri inalowa atainyamula amishoni. Robert Laws anali mbusa komanso dokotala. Anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo chaka chotsatira anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, anthu n'kumaona ngati wamupha n'kumudzutsanso. Atakhazikitsa sukulu pa Khondowe mu 1894, ana ankaphunzira Baibulo m'mawa, kwinaku akuphunzira zachipatala, zomangamanga ndi zosindikiza mabuku, ndipo pofika 1905 paphiripo pankayaka magetsi opukusidwa ndi madzi. Choncho sukulu ya mishoni ikamaphunzitsa sayansi mwamphamvu sikuti yasochera. Ikuyenda m'mapazi a eni ake.

Sindikunamizani kuti mipingo yonse imaona chimodzimodzi. A Seventh-day Adventist amaphunzitsa kuti dziko linalengedwa m'masiku 6 enieni, ndipo mipingo ina yambiri imawerenga buku la Genesis motero. Kwa banja lotere kusiyana kulipo ndithu, ndipo kuuza mwana kuti palibe vuto n'kumupusitsa. Koma onani kuti mpingo womwewo uli ndi chipatala pa Malamulo komanso sukulu yophunzitsa anthu a zachipatala. Mwana wa m'banja lotere akhoza kudziwa bwinobwino zimene akatswiri amanena ndi umboni umene amapereka, n'kudziwanso zimene mpingo wake umakhulupirira ndi zifukwa zake. Zakulimbana nazo mumtima n'zake, ndipo adzalimbana nazo bwino ngati mbali zonse anazimva mokwanira. Chimene ine ndimakana ndi mphunzitsi wodumpha mutuwo, kapena wouphunzitsa monyoza, akumati "lembani izi kuti mukhoze koma ndi bodza". Ameneyo akuphunzitsa ana kuti munthu akhoza kulemba zimene sakuzimvetsa bola apeze phindu. Khalidwe limenelo si limene munalipirira fizi.

Tsono madzulo aja akafika, mwana wanena zimene waphunzira, inu mutani? Musathamangire kunena kuti aphunzitsi ako ndi a satana. Mwana wa zaka 17 si chitsiru. Akaona kuti funso lake lakuopsani, amaphunzirapo chimodzi mwa ziwiri: kuti kunyumba si kofunsirako mafunso, kapena kuti chikhulupiriro cha makolo ake n'chosalimba, chimagwa ndi tsamba limodzi la m'kope. Ndaona ana ambiri amene anasiya kupemphera atafika kukoleji, ndipo ukacheza nawo supeza kuti anawachotsa ndi Darwin. Amakuuza kuti atafunsa anakalipiridwa. Mufunseni mwanayo akufotokozereni, ngati kuti inu ndinu wophunzira. Mufunse kuti umboni wake ndi wotani. Pamene simukugwirizana napo nenani modekha kuti ife timakhulupirira chakuti, pazifukwa zakuti. Ngati zakukulirani, pitani naye kwa abusa kapena abambo mfumu amene anapitako patali ndi sukulu. Alipo ambiri, ena anaphunzitsapo sayansi iwo eni.

Bambo, apa ndikunena inu makamaka. Nkhani zotere musamasiyire mayi okha n'kumangotulukira pomaliza ndi chigamulo. Mwana wamkazi amene bambo ake anakhala naye pansi n'kumumvetsera akufotokoza za ma gene amayenda mosiyana ndi anzake, ndikukuuzani.

Pali mutu winanso umene umautsa mapiri pachigwa, wa kaberekedwe ka munthu. Kope lomwelo mudzapezamo zithunzi za ziwalo, masiku a msambo, mmene mimba imayambira, matenda opatsirana pogonana ndi njira zolera. Mpingo wa Katolika suvomereza njira zolera za mankhwala ndi makondomu, ndipo sukulu zake zili ndi ufulu wonena zimenezo kwa ana. Koma kudziwa mmene chinthu chimagwirira ntchito si chilolezo chokachita. Atsikana amene ndawaona akubwerera kumudzi ndi mimba ali Fomu 2, ambiri sanalakwe chifukwa chodziwa zambiri. Anakhulupirira mnyamata amene anawauza kuti kamodzi kokha sungatenge mimba. Mphunzitsi wa Biology akamaphwanya bodza limenelo akukugwirirani ntchito imene inu ndi anankungwi mwina munaichita mwamanyazi. Mbali ya mwambo ndi kudzisunga ndi yanu, ndipo palibe amene wakulandani.

Ngati mukufuna chokwiya nacho, ndikupatsani. Sukulu zina zimatchuka ndi mapemphero a m'bandakucha, yunifolomu yoyera ndi malamulo okhwima, koma labotale yake ndi chipinda chokhoma chosungiramo matumba a chimanga. Ana amaloweza kuti madzi a ayodini akagwera pa chakudya chokhala ndi sitalichi amasanduka abuluu modera, koma sanaonepo ndi maso awo. Tsiku la mayeso a m'labotale ndi limene amagwira botolo koyamba, manja ali njenjenje. Kale tinkaphunzira Physical Science ngati phunziro limodzi; lero analigawa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha, kutanthauza kuti pakufunika aphunzitsi ambiri ndi zipangizo zambiri. Si sukulu zonse zimene zinakwanitsa, ngakhale zina zotchula fizi yoopsa.

Ndiye pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, mukatha kufunsa za nyemba zofumbwa ndi za madzi a kuhositelo, imikaninso dzanja. Funsani kuti aphunzitsi a Physics, Chemistry ndi Biology alipo angati, ndipo anaphunzira zimenezo kapena angogwirizira. Funsani kuti ana amalowa m'labotale kangati pa teremu. Pemphani akutsekulireni muone nokha ngati muli madzi, ngati mabotolo ali ndi kanthu. Kusukulu ya atsikana funsani kuti ndi angati amene akulemba Physics chaka chino, chifukwa pena ana amauzidwa mwakachetechete kuti asiye phunzirolo kuti sukulu isaonongeke mbiri pa zotsatira. Mukapeza kuti zipangizo palibe, kambiranani ngati makolo. Maikulosikopu imodzi ikhoza kugulidwa ndi ndalama zochepa kuposa zimene timasonkha pa phwando lotsanzikana ndi a Fomu 4.

Mayi wa pachinkhoswe uja ndinamuuza kuti tchuthi chikubwerachi, ndalama zikalola, akwere basi ndi mwanayo pamodzi ndi bambo ake apite ku Karonga. Kumeneko kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsekulidwa mu 2004, ndipo mkati mwake mwaima chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chinkayenda m'dera limenelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Anaseka n'kunena kuti bambowo sangalole kuononga ndalama kukaona mafupa. Ndinati ngati zili choncho ayambe ndi zapafupi: atenge anyezi mmodzi kukhitchini, amufunse mwanayo ngati anayamba waonapo kakhungu kake pa maikulosikopu, ndipo ngati anakaona, ajambule papepala zimene anaonazo bambo ake akuyang'ana.