Kukadya kwa Akorea: safunsa adadya phula

MILANGE — Mlendo akafika pakhomo kuno kwathu, kaya ndi ku Majaua, ku Mongue ngakhale m'tsinde mwa phiri la Tumbine, aliyense amadziwa chochita. Mwana amathamangitsa nkhuku, mayi amatereka mphika, ndipo nsima ikapsa amabwera ndi madzi, nagwada kuti mlendo asambe m'manja. Akatero amatuluka, kusiya mlendoyo ndi bambo wa panyumba. Naye mlendo amadziwa mbali yake. Sanunkhiza ndiwo, sadya ndi dzanja lamanzere, ndipo samaliza nsima yonse poti akudziwa kuti kuseri kuli ana amene akudikira makombo.

Izi sitidaphunzire kusukulu, tidangokula nazo, mwa ichi timaona ngati anthu onse a pansi pano amachita chimodzimodzi. Koma munthu wamakhalidwe ake abwino akhoza kuchita manyazi, ngakhale kukhumudwitsa amene amuitana, akatenga mwambo wathuwu monga uliri n'kukakhala nawo pachakudya cha banja la ku Korea.

Ena afunsa kuti za ku Korea zikutikhudza bwanji ife alimi a chimanga ndi nandolo. Akorea sali patali monga kale. Dziko lawo lidagawika pawiri mu 1945. M'nthawi ya malemu Samora Machel amene ankabwera kuno adali a ku North Korea, koma kuyambira mu 1993 boma lathu liri paubale ndi South Korea. Chipatala chachikulu cha ku Quelimane, chomwe chidatsegulidwa mu 2016, chidamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Korea. Chombo cha Coral Sul chomwe chikupopa gasi panyanja ku Cabo Delgado adachikhoma ku Geoje, m'dziko lomwelo. Kutsidya kwa malire, ku Lilongwe, kuli chipatala cha Daeyang Luke chomwe Akorea adatsegula mu 2008. Pamene pali ntchito zotere pamapezeka madalaivala, anamwino, omasulira ndi ana asukulu athu, ndipo tsiku lina mmodzi wa iwo amaitanidwa kukadya kunyumba.

Tsono tiyerekeze kuti ndi mnyamata wa kuno amene wapita kukaphunzira ku Seoul, ndipo mnzake wamtengera kwa makolo ake.

Mayeso oyamba ali pakhomo penipeni. Nsapato zimatsala pomwepo. Kwa Akorea pansi pa nyumba ndi pamene amakhalapo, ena amadyerapo ndi kugonapo, ndipo nthawi yozizira amapafunditsa ndi mapaipi a madzi otentha. Kulowa ndi nsapato kuli ngati kuponda ndi matope pamphasa yomwe agogo ayala. Amene masokosi ake ali obooka aziwe tsikulo lisanafike.

Asanakhazikike n'komwe, agogo a panyumbapo amfunsa kuti ali ndi zaka zingati, ngati adakwatira, ndiponso ntchito imene bambo ake amagwira. Mnyamata wathu aona ngati ali pabwalo la milandu. Komatu si chipongwe. Monga ife tiri ndi "iwe" ndi "inu", chinenero chawo chiri ndi makwerero angapo a ulemu, ndipo munthu sangathe kukuyankhula bwino asanadziwe ngati uli wamkulu kapena wamng'ono kwa iye. Naye mlendo asayerekeze kutchula makolo a mnzake maina awo. Awatche abambo ndi amayi, monga momwe angachitire kuno.

Pofika pachakudya, beseni la madzi silibwera. M'manja amakasamba yekha ku bafa. Adabwanso kuona kuti amuna, akazi ndi ana akhala pa tebulo limodzi, ndipo mkamwini akudya moyang'anizana ndi apongozi ake aakazi popanda kuthawana. Mwina amayi a panyumbapo adzakhala akunyamukanyamuka kukatenga zina kukhitchini, koma sakadyera kwina.

Apa pali msampha. Kwathu mlendo ndiye amayamba kusamba ndi kuyamba kutema nsima. Kumeneko amene amayamba kunyamula supuni ndi munthu wamkulu pa onse. Mlendo wachinyamata amene angoyamba kudya agogo asanagwire supuni yawo wadzionetsa kuti sadaleredwe. Ngati agogo eni ake amuuza kuti ayambe, pamenepo palibe mlandu.

Aliyense amapatsidwa kambale kake ka mpunga, kambale ka msuzi, supuni ndi timitengo tiwiri tachitsulo. Mpungawo ndi womata, wopanda mchere ndi mafuta, ndipo umadyedwa ndi supuni, kambale kali chikhalire pa tebulo. Timitengo ndi totolera ndiwo. Timaterera m'zala, ndipo palibe amene amaseka mlendo akalephera kapena akapempha foloko. Cholakwa chachikulu ndi china. Mnyamata wathu zala zikatopa, akhoza kuzika timitengoto mumpunga kuti apume. Nyumba yonse iti zii. Chifukwa chake n'chakuti Akorea ambiri amakumbukira makolo awo amene adamwalira powayalira chakudya, mwambo wotchedwa jesa, ndipo pamenepo ndi pamene supuni imazikidwa mumpunga. Ife amene timadziwa kuthira ufa wa nsembe patsinde pa mtengo sitingavutike kumva chifukwa chake zotere sizichitika pachakudya cha amoyo.

Pakati pa tebulo pamakhala timbale tambirimbiri ta ndiwo totchedwa banchan, ndipo onse amatolamo. Kumeneko sikutidabwitsa, poti nafe timadyera mbale imodzi. Chodabwitsa ndi kimchi, kabichi wothira mchere, tsabola, adyo ndi tinsomba kapena nkhanu za mchere, amene amamusunga mpaka asase. Fungo lake ndi lamphamvu, ndipo wosamdziwa anganene kuti ndiwo zagona. Koma kimchi ndiye mfutso wawo. Kumeneko chisanu chimaumitsa minda kwa miyezi ingapo, choncho chaka chikamatha mabanja ndi anansi amasonkhana kukonza kimchi wodzadya nyengo yonseyo. Mwambo umenewu, wotchedwa kimjang, udalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2013 pamndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Kukwinya nkhope pa kimchi wa amayi a panyumba n'chimodzimodzi kunyoza mfutso wa apongozi. Za tsabola zokha ife a ku Zambezia sitingaope, koma mamina akayamba kutsika, mlendo atuluke kaye, chifukwa kumina pa tebulo kumawanyansa.

Pamene pamasokoneza kwambiri ndi pa makombo. Mnyamata wathu asiya mpunga pang'ono m'kambale kusonyeza kuti si wadyera. Amayi a panyumbapo ayang'ana kambaleko mtima uli m'mwamba, poganiza kuti chakudya sichidamkomere. Kwa iwo mlendo wabwino ndi amene wamaliza mpunga wake wonse. Mwina agogo atola kansomba ndi timitengo tawo n'kumuikira pamwamba pa mpunga, kapena amkulungira nyama m'tsamba n'kumpatsa. Asaganize kuti akumuyesa mwana. Ndi momwe amasonyezera kuti amkonda, monga momwe ife timasungira mlendo nthutumba ya nkhuku.

Kenaka pabwera soju, mowa woyera ngati kachasu koma wocheperako ukali. Munthu sadzithirira yekha. Wamng'ono amathirira wamkulu atagwira botolo ndi manja awiri, ndipo wamkulu akamthirira amalandiranso ndi manja awiri, n'kutembenukira kumbali pomwa kuti asamwe moyang'anizana ndi akulu. Kukana mwachidule tambula yoyamba ya bambo wa panyumba kumamveka ngati kukana ubale. Amene samwa chifukwa cha mpingo kapena matenda alandire tambulayo ndi ulemu, aiike pansi ndipo afotokoze. Chabwino koposa ndi kuuza mnzakeyo tsikulo lisanafike. Chimodzimodzinso Asilamu ndi ena onse amene sadya nkhumba, poti nyama imeneyi imadyedwa kwambiri kumeneko ndipo imabisala ngakhale mumsuzi.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amenewa amaumiriza mlendo kudya chotere? Lero South Korea ndi dziko lolemera, lopanga magalimoto, zombo ndi mafoni, koma agogo amene ali pa tebulopo adaona zina. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 idasiya midzi iri mabwinja. Chaka ndi chaka kunkakhala nyengo imene mpunga wakale watha, balere asanache, ndipo ankaitcha chitunda cha balere poti kuikwera kudali kovuta. Ndi Januwale ndi Febuluwale wathu uja, pamene nkhokwe yapera chimanga chisanakhwime. N'chifukwa chake mpaka pano Mkorea popereka moni amatha kufunsa kuti, kodi mwadya mpunga? Sakukuitanirani kunyumba ayi, akungofunsa ngati muli bwino. Woyankha kuti sanadye poyembekezera mbale akhoza kudikira mpaka dzuwa kulowa.

Nkhaniyi iri ndi mbali yake inanso. Mkorea akadzabwera pamudzi pathu, nayenso adzasochera. Mayi akadzagwada ndi madzi, iye adzadzidzimuka n'kufuna kuwadzutsa. Tikadzamsiya m'nyumba ndi bambo okha, adzaganiza kuti banja lonse likumsala. Adzadikira agogo kuti ayambe, agogo nawo akudikira mlendo, nsima n'kumazizira. Potsiriza adzapukuta mbale yonse pofuna kutisangalatsa, ana kuseri n'kumayang'anana. Tisadzamuweruze. Adzakhala akutipatsa ulemu umene adaphunzira kwa amake. Koma nkhuku yokha adzaimvetsa, chifukwa nakonso kwawo kuyambira kale mkamwini akabwera kudzacheza, apongozi ankamphera thadzi.

Anthu a ku Milange sitifunika kuuzidwa kuti kukhala mlendo n'chiyani. Nkhondo itafika povuta mu 1986, ambiri adaoloka mtsinje wa Muloza kuthawira ku Mulanje ndi madera ena a Malawi, ndipo adadya m'mbale za eni mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Amene adakhala bwino ndi eni mudzi adali aja amene ankayamba ayang'ana, nafunsa, asanatambasule dzanja. Kumeneko chinenero ndi nsima zidali zathu zomwe. Ku Korea zonse ziwiri n'zachilendo, choncho kufunsa kuyenera kuchuluka.

Mwana wanu akadzalandira uthenga womuitana, muuzeni asapite chimanjamanja, zipatso zokha n'zokwanira. Avule nsapato, adikire akulu, ayang'ane zomwe mnzake akuchita, ndipo pomwe sakudziwa afunse asanalakwe, poti safunsa adadya phula. Akamaliza athokoze amene aphika. China chilichonse akaiwala, asaiwale chimene mudamphunzitsa ali wamng'ono, kulandira chinthu kwa wamkulu ndi manja awiri. Chimenecho agogo a ku Seoul adzachizindikira popanda womasulira.