Za Timabowo ta M'kathabwa ka Magetsi

Aliyense amene anagonapo ku Malembo kapena ku Monkey Bay anaziona nyali za asodzi a usipa zikuthwanima panyanja usiku. Kale asodziwo ankayatsa nyali za palafini, koma lero ambiri ali ndi nyali za batire. Mukatsegula nyali yotere, kapena wailesi, kapena foni yakufa imene amisiri a pamsika wa Mangochi ataya, mudzapezamo kathabwa, kawirikawiri kobiriwira, kamene iwo amakatcha bodi. Pakathabwapo pali timizere ta mkuwa toyendamo magetsi m'malo mwa mawaya. Paul Eisler wa ku Austria anaika bodi yotere m'wailesi ku England m'chaka cha 1936.

Tsono timizereto tili pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo m'mabodi ena tili ndi m'kati. Kuti magetsi aoloke kuchokera mbali ina kunka ku inzake, opanga bodi amaboola timabowo, namata khoma la kabowo kalikonse ndi mkuwa wopyapyala, wa mamilimita pafupifupi 0.025. Kabowo kotere dzina lake ndi via. Nanga kakule motani? Msodzi adziwa kuti maso a ukonde sasankhidwa mwachisawawa: a usipa ndi aang'ono, a chambo ndi aakulu. Momwemonso mmisiri asankha kabowo poyang'ana ntchito yake.

Choyamba ayang'ana kuchindikala kwa bodi, kumene kawirikawiri kuli mamilimita 1.6. Mkuwa umalowa m'bowo bodi ili yomizidwa m'madzi a mankhwala. Bowo likakhala lopapatiza ndi lakuya, mkuwawo sufika bwino pakati pake, ndipo pamenepo ndi pomwe pamang'aluka bodi ikamatentha ndi kuzizira. Chifukwa chake amisiri ambiri salola kuti kuya kwa bowo kupose kutambalala kwake koposa kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Gawani 1.6 ndi 8, mupeza 0.2, kumeneko ndiko kuchepa kwake. Ambiri asankha 0.3, nazunguliza mphete ya mkuwa ya 0.6, kuti chiboolero chikaphonya pang'ono njira isaduke.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa magetsi. Apa ambiri asokera, poyesa kuti bowo lalikulu ndilo njira yabwino. Koma magetsi sayenda m'mphako ayi, ayenda m'khoma. Khoma la bowo la 0.6 liposa la bowo la 0.3 kawiri kokha, pamene malo obooledwawo akula kanayi. Potero timabowo tiwiri ta 0.3 tinyamula magetsi olingana ndi bowo limodzi la 0.6, m'malo ochepa. Ndiponso kamodzi kakang'aluka, kanzake katsala. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu ndi kutentha. Kunsi kwa chipangizo chotentha amaboola timabowo tambiri tochotsa kutenthako. Tikakula, timamwa mtovu wolumikizira, chipangizo n'kutsala chosagwira bwino. Komanso tikachepa kwambiri mtengo ukwera, pakuti ziboolero zowonda sizichedwa kuthyoka. M'mafoni, mmene malo ali osowa, amaboola ndi kuwala kwa leza timabowo tosaya ta 0.15 kapena kucheperapo.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, musayese zimenezi ndi za akatswiri okha. Pemphani bodi yakufa kwa wokonza mawailesi, muchotse batire, ndipo ana aipenye molunjika ku kuwala kwa pazenera, nawerenge timabowo. Kenaka ajambule pansi mabwalo awiri, lina lotambalala kawiri kuposa linzake, nayese mzere wozungulira ndi chingwe, ndi m'kati mwake ndi timiyala. Adzadzionera okha chimene chikula kawiri ndi chimene chikula kanayi. Akatha asambe m'manja, popeza mabodi akale ali ndi mtovu, umene uli woipa m'thupi la mwana.