Kuyesa Matope a m'Madzi ndi Kuwala

Munthu wolowa mumsika wa Chisokone ku Kitwe m'mawa, dzuwa litapyola pa kabowo ka malata, aona mzere wa kuwala wodzala ndi tifumbi touluka. Pambali pa mzerewo mpweya uoneka woyera, koma fumbi liripo cimodzimodzi. Anthu a pansi pa mgodi adziwa zomwezi ndi nyali yao ya pacisoti. Fumbi lioneka cifukwa kanthu kali konse kakang'ono kamwaza kuwala kumene kwakagunda. John Tyndall anafufuza zimenezi ku London ca m'ma 1869, ndipo nzeruyo ndiyo agwiritsa nchito anthu oyesa madzi akumwa.

Madzi a m'mipope ya Kitwe acokera mu mtsinje wa Kafue, umene ufiira ndi dothi nthawi ya dzinja. Woyesa atunga madzi pang'ono m'kabotolo kagalasi, nakapukuta bwino (pakuti ngakhale cidindo ca cala cinganamize makina), nakaika m'kabokosi kamdima, dzina lace nephelometer. M'katimo nyali iwalitsa madziwo, ndipo diso lamagetsi likhala pambali, osati moyang'anana ndi nyali iai. Madzi akakhala oyera, kuwala kungopyola, diso silipenya kanthu. Akakhala ndi matope, kuwala kumwazikira kumbali, tsono makina alemba nambala. Muyeso wace ndi NTU, ndipo makinawo ayamba awalinganiza ndi mankhwala oyera ngati mkaka, dzina lace formazin.

Kale, ca m'ma 1900, anali kuthira madzi m'botolo lalitali pamwamba pa kandulo mpaka lawi litazimirira m'maso. Njirayo inali yanzeru ndithu, koma inali kulephera pa madzi oyererako, kumene kuyesa kufunika koposa.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, liti madzi akumwa asapitirire 5 NTU, ndi kuti nkwabwino akhale pansi pa 1 pothiramo klorini. Cifukwa cace nciti? Tizilombo ta matenda a m'mimba tibisala m'timibulu ta dothi, kotero kuti mankhwala satifikira. Madzi a 4 NTU angaoneke abwino m'kapu. Maso a munthu sangathe kuweruza mlandu umenewu.

Komabe kuwala kuli ndi malire ace. Madzi akada kwambiri, dothi lina litsekereza kuwala kwa linzace, nambala nkutsika monyenga, ndipo woyesa ayenera kuwasungunula ndi madzi oyera nkucurukitsa nambalayo pambuyo pace. Cinanso, cinthu cosungunukiratu monga asidi kapena mkuwa sicimwaza kuwala konse. Mu February 2025, pamene dziwe la zotsala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi nalowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, mipope ya Kitwe inatsekedwa. Zoopsa za mtundu umenewo aziyesa ndi zipangizo zina, pakuti madzi apoizoni angathe kukhala mbee ngati a pakasupe.