Phiko Likaleka Kunyamula Ndege

Ambiri akamva kuti ndege yachita "stall" amayesa kuti injini yazima, monga ichitira galimoto pachitunda. Si tero ayi. Injini ikhoza kumalira bwino lomwe, koma phiko n'kuleka kunyamula ndege. Pakuti phiko likadzuka kupitirira madigiri 15 kapena 16 poyang'anizana ndi mphepo imene likudula, mphepoyo imaleka kutsata msana wa phikolo, ndipo ndege imayamba kugwa.

N'chifukwa chake wophunzira kuyendetsa ndege zazing'ono, monga Cessna 172, amakwera m'mwamba ndi mphunzitsi wake kukachititsa vutoli dala. Ku America, malangizo a bungwe loyang'anira za ndege la FAA amati phunziroli lithe ndege isanatsike kupyola mapazi 1,500 kuchokera pansi. Wophunzira amachepetsa mphamvu ya injini, nakoka chiwongolero pang'onopang'ono. Tsono zizindikiro zimadza motsatana: mkokomo wa mphepo umachepa, chiwongolero chimalobodoka m'manja, kalipenga kochenjeza kamalira, ndege imanjenjemera, kenaka mphuno yake imagwa.

Mankhwala ake ngachidule, koma mtima wa munthu umawakana. Nthaka ikamayandikira, dzanja limafuna kukoka, pamene chofunika ndicho kukankha chiwongolero kuti mphuno itsike, phiko ligwirenso mphepo. Kuwongola mapiko ndi kuwonjezera mphamvu ya injini kumadza pambuyo. Wokoka amangokuza vutolo, ndipo phiko limodzi likatsogola kugwa, ndege imatsika mozungulira. Poopsa zedi ndi pokhota kuti ndege itere, pakuti pamenepo ili pafupi ndi nthaka, malo okonzera cholakwa palibe.

Amene amayesa kuti phunziroli n'la ongoyamba kumene akumbukire chaka cha 2009. Pa 12 February ndege ya Colgan Air inagwa pafupi ndi Buffalo ku America, nipha anthu 50. Pa 1 June ya Air France, yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris, inagwera m'nyanja ya Atlantic ndi anthu 228. Konse kuwiri ofufuza anapeza kuti woyendetsa anakoka chiwongolero chenjezo likulira.

Mlandu wina unagwera kaphunzitsidwe, ndipo moyenera ndithu: kwa zaka zambiri oyesa mayeso ankayamikira woyendetsa amene wapulumuka pa "stall" osatsika kwenikweni, kotero kuti manja anazolowera kuopa kukankha. Mu 2012 FAA inatulutsa malangizo atsopano akuti choyamba ndicho kutsitsa mphuno, ngakhale ndege itaye mapazi ambiri.