Thupi la wonyamula zitsulo limaona zotani?

Anzanga, ambiri timaganiza kuti wonyamula zitsulo pa Olympics amangofunika mikono ikuluikulu basi. Ine ndikuti miyendo ndi imene imavutika kwambiri, ndipo ndifotokoza.

Manyamulidwe alipo awiri. Pa snatch, chitsulo chimachoka pansi n'kukafika pamwamba pa mutu kamodzin'kamodzi. Pa clean and jerk, amayamba wachifikitsa pamapewa, kenako n'kuchikankhira m'mwamba. Ndodo yachitsulo yokhayo imalemera makilogalamu 20 kwa amuna, 15 kwa akazi. Mu 2021, Lasha Talakhadze wa ku Georgia ananyamula makilogalamu 267 pa clean and jerk. Tangoganizani, matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50, n'kuwonjezerapo 17!

Katundu wotere mikono payokha singamuthe. Munthu amakankha pansi ndi miyendo, chiuno n'kuponya chitsulocho m'mwamba, iye n'kunyonyomala msangamsanga kuti achilandire, kenako n'kudzuka nacho. Nthawi yonseyi msana sufunika kupindika. Ukangopindika, kulemera konse kumathera pa mafupa a m'munsi mwa msana. Mawondo, mapewa ndi mfundo za manja nazonso zimapanikizika. Zikhatho zimachita matuza, ndipo amazipaka choko chaufa kuti thukuta lisatereretse ndodo.

Kunyamulako kumatenga masekondi ochepa chabe, koma munthu amatsala ali wefuwefu, mwina chizungulire chitamugwira. Mphamvu yamwadzidzidzi imene minofu imasunga imatha msanga, ndipo imabwerera pakapita mphindi zingapo. N'chifukwa chake pophunzira amanyamula kamodzi, kawiri kapena katatu, n'kukhala pansi kupuma. Si ulesi ayi. Mawa lake minofu imawawa, ndipo kuti ichire pamafunika tulo tokwanira ndi zakudya zomanga thupi monga nyemba, mazira ndi usipa.

Ndalemba izi chifukwa ndimaona anyamata kumudzi akuumba simenti m'zitini, n'kulowetsa paipi, n'kumapikisana popanda wowaphunzitsa. Aise, akatswiri aja amayamba ndi ndodo yopanda kanthu mpaka kanyamulidwe katakhazikika. Ifeyo tili ndi mtunda woyenda m'mawa uliwonse, khasu likutidikira, mayeso nawonso ali pafupi. Msana ukavulala, zonsezi zimaima. Ngati mukufuna kuyesa, yambani ndi mpini wa khasu, muphunzire kaye kunyonyomala msana uli chilili.